Mfundo zofunika kwa dalaivala wa thiraki amene akuganiza zosintha bwana

Mathiraki akandanda pachipata cha Mwanza kapena cha Songwe kudikira mapepala, nkhani imene siitha pakati pa madalaivala ndi ya mabwana. Uyu akuti amalipira bwino, uyo wagula magalimoto atsopano, winayo amapereka alawansi m'madola. Munthu amene wagwira chiwongolero zaka khumi kapena kuposerapo akamva zimenezi, mtima umayamba kukoka. Inu abale anga amene muli pamphambano yotereyi, lingalirani mfundo izi musanalembe kalata yosiyira ntchito.

1. Dziwani chenicheni chimene chikukuchotsani.

Pali kupsa mtima kwa tsiku limodzi, monga bwana akakukalipirani pafoni kuti mwachedwa ku Beira pomwe mzere wa kudoko sumayenda. Palinso zilonda zenizeni: malipiro ochedwa mwezi ndi mwezi, kudulidwa ndalama popanda kukufotokozerani, kutukwanidwa pamaso pa ana aang'ono amene mudawaphunzitsa nokha kubweza ngolo m'mbuyo. Choyambacho chimatha mukafika kunyumba, kusamba, kudya nsima n'kugona tulo tabwino. Ngati mwadzuka m'mawa mtima uli pansi koma chifukwa chija chikadalipo, ndiye kuti n'chenicheni.

2. Musakopeke ndi malipiro a pamwezi okha.

Apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna. Bwana watsopano amatchula ndalama yokoma kukhutu, munthu n'kuvomera pompo, osafunsa kuti m'kati mwake muli chiyani. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani za alawansi ya paulendo: ndi zingati, amapereka musananyamuke kapena mutabwerako, ndipo ndi ndalama ya dziko liti? Funso lomalizali si laling'ono. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dalaivala amene alawansi yake idali m'makwacha adaona kuti chakudya cha ku Tete kapena ku Mbeya chamukwerera tsiku limodzi, pomwe ndalama ya m'thumba ili yomwe ija.

Funsaninso za masiku odikira. Mukakhala sabata yathunthu pachipata kapena kudoko chifukwa cha mapepala amene si inu mudalemba, adzakudyetsani ndani? Tayala likaphulika, amadula kwa yani? Galimoto ikagwidwa pasikelo ya ku Balaka kuti yalemera mopyola, chindapusa chimagwera wopakiza katundu kapena woyendetsa? Amene amayendetsa mathanki a mafuta akuidziwa bwino nkhani ya shoteji, kuti malita akapezeka operewera potsitsa, malipiro a mwezi wonse atha kusungunuka munthu asanawagwire. Bwana wolipira pang'ono koma mokhulupirika, tsiku lodziwika, nthawi zambiri amaposa wolonjeza zambiri amene amabweza ndi dzanja linalo. Boma limaika malipiro otsikitsitsa a madalaivala a mathiraki molingana ndi kukula kwa galimoto, choncho pitani ku ofesi ya zantchito mukamve mlingo umene ulipo panopa, muyambire pamenepo pokambirana.

3. Zaka zimene mwagwira pamalo amodzi zili ndi mtengo wake.

Lamulo la zantchito la Employment Act limati munthu akachotsedwa chifukwa chakuti kampani ikuchepetsa antchito, kapena akachotsedwa mopanda chilungamo, alandire ndalama yomupepesa potengera zaka zake: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, masabata atatu kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kuyambira chaka cha 11. Wosiya yekha mwakufuna kwake salandira ndalamayi. Kumene mukupitako mukayambanso kuwerenga kuchokera pa chaka choyamba, ndipo mwina akakuikani kaye pa nthawi yoyesedwa, imene lamulo limalola kuti ifike miyezi 12.

Penshoni ndi yanu, siitayika mukasintha ntchito. Bwana amayenera kuikapo ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Koma alipo mabwana amene amadula gawo lanu osalipereka kumene likuyenera kupita, ndipo ichi n'chinthu chondipweteka mtima kwambiri, chifukwa munthu amadzazindikira atakalamba, msana utatha. Musanachoke, pemphani sitetimenti ku kampani yosunga penshoniyo muone ndi maso anu. Kumene mukupitako funsaninso dzina la kampani imene amasungitsako.

4. Kaoneni galaja musanaone ofesi.

Ofesi itha kukhala ndi mipando yofewa, koma inu mukakhala m'galimoto. Yang'anani matayala, mverani mabuleki, chezani ndi makanika mumve ngati sevisi imachitika panthawi yake kapena amadikira kuti galimoto ifere panjira. Aliyense amene adatsetsereka pa Chiweta ndi matani 30 kumbuyo akudziwa kuti pamenepo palibe alawansi imene ingamuimitse munthu.

Mfundo imeneyi ili ndi mbali inanso. Ngati kumene muli panopa amakukakamizani kunyamuka ndi mabuleki okayikitsa, kapena kuyendetsa usana ndi usiku osagona kuti katundu afike msanga, chokaniko. Chokaniko ngakhale kwinako malipiro atakhala ochepa. Pa nkhani iyi yokha sindikuona choti munthu ayeze kawiri, chifukwa pamsewu pali minibasi zodzaza anthu, pali ana opita kusukulu, ndipo kunyumba kuli amene akukudikirani.

5. Kusintha bwana ndi kusinthanso msewu.

Wozolowera njira ya Nacala kapena Dar es Salaam akapatsidwa ya Durban kudzera ku Nyamapanda ndi Beitbridge, moyo wake wonse wasintha. Ulendo ndi wautali, masiku okhala pakhomo amachepa, ndipo ku South Africa madalaivala ochokera kunja akhala akuopsezedwa. Mu Julayi 2023 mathiraki adatenthedwa kumeneko pamsewu wa N3. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zidaimitsa magalimoto ambiri panjira. Funsani kuti zoterezi zikachitika bwanayo amatani ndi munthu wake, komanso ngati mukavulala kapena kudwala kunja kwa dziko alipo amene adzakusamaleni.

Ndipo nkhani ya msewu musaigamule nokha. Akunyumba ndi amene amatsala ndi ana, ndi amene amathamanga kuchipatala usiku inu muli kutali. Khalani nawo pansi.

6. Mverani amene adachokako.

Dalaivala amene akadali pakampanipo atha kuopa kulankhula. Pezani amene adasiyako, awiri kapena atatu, muwafunse chimene chidawachotsa. Ngati kampani ikulemba madalaivala mwezi uliwonse pomwe magalimoto ake sakuchuluka, yankho mwalipeza kale.

7. Inunso muli ndi ufulu wofunsa mafunso.

Zaka zambiri popanda ngozi, laisensi ndi chilolezo cha PrDP zosatha masiku, kudziwa mapepala a pachipata chilichonse, kudziwa pogona pabwino ndi poopsa, zonsezi sizigulidwa pamsika. Musalowe mu ofesi ya munthu ngati wopempha. Bwana amene akunyansidwa ndi mafunso aulemu lero sadzakumverani mukadzamuimbira foni galimoto itafa pakati pa tchire.

8. Mukatsimikiza zochoka, chokani masana.

Ena amasiya galimoto pamalo omwetsera mafuta, makiyi kwa mlonda, foni n'kuthimitsa. Musatero, ngakhale adakulakwirani. Wolandira malipiro pamwezi amayenera kupereka notisi ya mwezi umodzi. Malizani ulendo umene mudayamba, bwezani mapepala, jeke, matenti ndi zingwe, wina asayinire kuti walandira, ndipo pemphani kalata yosonyeza zaka zimene mwagwira, poti lamulo limakupatsani ufulu umenewu. Eni mathiraki m'Malawi muno amadziwana ndipo amaimbirana foni. Ngati pali ndalama zanu zimene akuzikaniza, njira ilipo: ofesi ya zantchito, kenako bwalo la Industrial Relations Court.

Chomaliza ndikupempheni ichi: lonjezo la pafoni kapena la pamalo odyera lisakusiyitseni ntchito. Dikirani kufikira kontrakiti yolembedwa, yotchula malipiro, alawansi, penshoni ndi msewu umene mudzayende, ili m'manja mwanu ndipo mwaiwerenga mpaka tsamba lomaliza.