Nyumba ya Mwini Saotchera Mbewa

Akuluakulu potero amati za mwini sitiseweretsa. Moto wa mbewa ukalusa, udzu wopserera sudzakhala wako. Mwambiwu umandibwerera ndikamaona ophunzira C++ akulimbana ndi class yawo yoyamba. Bjarne Stroustrup anayamba kukonza chilankhulo cha kompyutachi mu 1979, akuchitcha C with Classes.

Tiyerekeze class ya rekitango ngati nyumba. M'kati mwake muli m'litali ndi m'lifupi, tinene 4 ndi 3, ndipo ziwirizi ndi private mwachibadwa. Ali kunja sangazikhudze. Amaodira pakhomo, n'kufunsa function ya m'nyumbamo, iyo n'kuchulukitsa, n'kumupatsa 12. Akafuna kutalika kwa mpanda wonse, ina imamupatsa 14.

Ophunzira ambiri zimawakwiyitsa. Kompaila, yomwe imamasulira pulogalamu, ikakana, amathamangira kulemba public paliponse kuti aliyense azilowa, mtima n'kukhala m'malo. Tsiku lina mzere wina wakutali umaika -4 pa m'litali, ndipo rekitango imabala -12, bwalo loti palibe padziko. Wolakwayo umufunefune m'mizere mazana! Function yolandira manambala ikanaima pakhomo, ikanabweza -4 uja asanakhale pamphasa.