Kodi Udzu Wopanda Ntchito Ulipo?

Aliyense amene anakulira kumapiri a Dedza amalidziwa dambo. Nthawi ya dzinja limadzaza madzi, ndipo m'chilimwe limawatulutsa pang'onopang'ono kupita m'mitsinje monga Linthipe. Ndili mwana, dambo la kwathu linali ndi bango, nsenjere, tsekera ndi maudzu ena ambiri amene ngakhale agogo sankawadziwa mayina. Lero mbali yaikulu ya dambolo ndi madimba a kabichi ndi mbatatesi, ndipo maudzu ena aja sindiwaonanso. Tsiku lina ndinadandaula za zimenezi kwa mnzanga wina, mlimi wakhama. Iye anandiyang'ana nati, "Aphunzitsi, kodi udzuwo ana anga adzadya?" Ndinasowa poyankha, ndipo funsoli ndakhala nalo mumtima mpaka lero.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti mlimiyo ali ndi mfundo. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno, koma wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni, pomwe nthaka sinaonjezereke. Amene anaona njala ya 2002 amadziwa kuti dimba ndilo linapulumutsa mabanja ambiri. Choncho munthu wokhuta amene amauza wanjala kuti asiye dambo chifukwa cha udzu, osamusonyeza kwina kolima, akulankhula zopanda chifundo.

Komabe tisafulumire kugamula kuti udzu umene sitiudziwa ntchito ulibe ntchito. Pali mpunga wakuthengo umene akatswiri amautcha Oryza longistaminata. Umamera m'malo a chinyontho m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, ndipo alimi a mpunga amauona ngati udzu wovuta. Akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines anapeza kuti mbewu ina ya udzuwu, yochokera ku Mali, simagwidwa ndi matenda oumitsa masamba a mpunga. Anaukwatitsa ndi mpunga wolimidwa, ndipo mu 1995 Pamela Ronald ndi anzake ku California anapatula kachibadwa kenikeni koteteza mbewuyo, kotchedwa Xa21. Mphamvu imeneyi inalowetsedwa m'mitundu ya mpunga imene alimi a ku Asia amalima. Chikhala kuti madambo a ku Mali anagaulidwa onse kale, udzuwo ukadatha wina asanadziwe chimene unasunga.

Nkhani imeneyi ikutiphunzitsa kuti mawu akuti "wopanda ntchito" amaulula malire a nzeru zathu. Komanso kutha kwa mtundu wa chomera n'kosiyana ndi kuonongeka kwina kulikonse. Nkhokwe ikapsa timamanga ina, ng'ombe ikafa timagula ina, koma udzu umene unkamera m'dambo limodzi lokha ukatha, palibe msika umene tingakaugule. Pa chinthu chimene sichibwerera, munthu wanzeru amayamba wadekha. Paja akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Mwina wina anganene kuti mbewu zoterozo zisungidwe m'nyumba za akatswiri. Zoonadi, ku Chitedze kuli malo osungirako mbewu zamitundumitundu, ndipo ku Zomba kuli bungwe losunga ndi kufufuza zomera za dziko lino. Ntchito yawo ndi yotamandika. Koma mbewu yotsekeredwa m'botolo siikumana ndi chilala, moto kapena tizilombo tatsopano, pomwe udzu wa m'dambo umazolowera zonsezi chaka ndi chaka. Ndiponso mizu ya maudzu ndiyo imagwira dothi ndi madzi. Tikagaula dambo lonse mpaka pakati, madzi amathamanga n'kukumba zigwembe, ndipo dimba lomwelo limayamba kuuma. Apa tikuona kuti udzu ndi mlimi ali mbali imodzi.

Funso lalikulu tsono ndi lakuti, kodi dambo n'layani? Pamwambo wathu mfumu imagawa malo, koma siiwagawa ngati ake. Imawasungira mudzi, ndipo mudzi ndi akufa, amoyo ndi osabadwa. Zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006, tikuziona lero chifukwa mibadwo yambiri inazipeza n'kuzisiya. Osabadwa sangabwere pabwalo kudzadzinenera okha. N'chifukwa chake chilungamo chimafuna kuti ife tiwalankhulire.

Yankho langa kwa mnzanga uja ndi ili: limani, pakuti ana ayenera kudya, koma musalime dambo lonse. Mudzi ugwirizane kusiya pakati pa dambo ndi m'mbali mwa mtsinje, ndipo moto usayatsidwe udzu usanagwetse njere. Banja limene lataya gawo la dimba chifukwa cha pangano limeneli lipatsidwe malo ena, chifukwa si bwino kuti wosauka yekha alipire chinthu chopindulira onse.

Inu ophunzira, mawa ena a inu mudzakhala mafumu, alangizi a zaulimi ndi aphungu. Tsiku lina munthu adzakufunsani ngati ana ake adzadya udzu. Musadzamunyoze, ndiponso musadzasowe poyankha monga ndinasowera ine.