Za Kuwerenga Zopereka

Abale okondedwa a ku Chipoka ndi a m'midzi ya kunyanja, tiri nao mau pa za cuma ca Eklesia. Ndarama imene mkazi wamasiye aponya m'mbale, atagulitsa usipa wace padoko, siiri ya akuru a mpingo, kapena ya ife aphunzitsi ai. Mwini wace ndiye Mulungu. Cifukwa cace asaiwerenge munthu mmodzi yekha.

Kumbukirani masiku a mfumu Yoasi. Wansembe Yehoyada anaboola civundikiro ca bokosi la zopereka. Ndipo zitacuruka ndaramazo, anadza awiri, mlembi wa mfumu ndi mkuru wa ansembe, naziwerenga pamodzi. Paulonso sanafuna kunyamula yekha mphatso ya ku Yerusalemu, kuopa angamnenere zoipa. Kodi msungi wathu aposa Paulo?

Ena ati, Kutero nkumyesa mbale wathu wakuba. Iai, nkumchinjiriza, pakuti mwera ukaomba, mabwato nakhala pamtunda, njala ilowa m'nyumba ya msungi yemwe.

Tsono awerenge awiri, tsiku la Sabata lomwelo, anthu asanabalalike. Alembe m'buku zolowa ndi zoturuka, ungakhale mtengo wa msomali umodzi. Pakutha mwezi bukulo liwerengedwe pamaso pa mpingo wonse, monga Boma nalonso, mwa lamulo la 2001, lifuna kuona mabuku a mabungwe olembetsedwa caka ndi caka.