Magalasi a Mwana Ndi Mankhwala

Ana anga, inu amene mukulera ana ku Croydon, ku Woolwich, ku Barking ndi madera ena a London, tcherani khutu ndikuuzeni za magalasi a ana. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti magalasi amaononga maso, kapena kuti ndi a aphunzitsi ndi akalaliki okha. Maganizo amenewa tinabwera nawo kuno, ndipo akupweteka adzukulu anga. Mwana akapatsidwa magalasi amavala masiku ochepa, kenako mumawapeza pansi pa mabuku m'chikwama, inu n'kumati, "Musiyeni, adzavala akakula."

Akadzakula, mwayi udzakhala utadutsa. Diso ndi ubongo zimaphunzira kugwirizana kuyambira pobadwa mpaka mwana atafika zaka 7 kapena 8. Diso limodzi likamaona mwachimbuuzi, ubongo umayamba kulinyalanyaza n'kudalira linalo, ndipo diso lonyalanyazidwalo limatsalira m'mbuyo. Pa msinkhu umenewu magalasi amatha kulidzutsa, koma munthu akakula zimavuta kwambiri. Mwana sadandaula, chifukwa amayesa kuti aliyense amaona choncho. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Kuno chithandizo chilipo. Kudzera ku NHS, mwana wosafika zaka 16, kapena wosafika 19 yemwe akadali pasukulu, amapimidwa maso kwaulere ndipo amalandira voucha yothandizira kugula magalasi. M'madera ambiri ana amapimidwanso kusukulu ali ndi zaka 4 kapena 5. Vuto likakhala lalikulu, amatumizidwa ku chipatala monga Moorfields ya pa City Road, yomwe inayamba mu 1805 ndipo ili ndi nyumba yakeyake ya ana. Kumudzi abale athu amayenda mitunda kupita ku Nkhoma kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukafuna zomwe inu muli nazo pafupi ndi siteji ya basi. Kalata yokuitanani ikabwera, musaisunge m'dirowa.

Tsono kuti mwana azolowere, yambirani posankha. Msiyeni asankhe yekha mtundu wa felemu, kaya ndi wofiira kaya ndi wobiriwira, chifukwa chomwe wasankha yekha amachisamala. Inu yang'anani kakhalidwe kake pankhope. Ana athu ambiri mphuno zawo n'zosatukuka pakati pa maso, motero magalasi amatsetsereka, mwana n'kumasuzumira pamwamba pake. Mukaona akuwakankha ndi chala pafupipafupi, kapena kuseri kwa makutu kwatsala zipsera, bwererani kumene munawatenga akawakonze. Wamng'ono mumangireni kalamba kozungulira kumutu.

Masiku oyamba anganene kuti, "Amayi, sindikuona bwino," kapena kuti pansi pakuoneka mopendekeka. Sakunama ayi, maso amafuna nthawi kuti azolowere. Muvekeni pamene akuchita chomwe amakonda, monga kujambula kapena kumva nthano ali pamiyendo panu akuona zithunzi za m'buku. Akavula, mubwezereni modekha osakalipa. Akakana ndithu, dikirani pang'ono muyesenso. Chofunika n'chakuti afike povala monga momwe opima maso ananenera. Zikhale mwambo wa pakhomo: m'mawa akasamba kumaso, magalasi, usiku pogona, m'kabokosi kake, pamalo amodzi nthawi zonse. Mphunzitseni kuvula ndi manja awiri ndi kupukuta ndi kansalu kake. Akapitirizabe kudandaula patapita milungu, bwererani kwa opima maso.

Magalasi a mwana amathyoka. Tsiku limenelo musamudzudzule ngati wapalamula, chifukwa mawa adzabisa kapena kuopa kusewera atavala. Kwa ana osafika zaka 16, NHS imathandizanso pokonza kapena kupereka ena. Auzeni aphunzitsi ake kuti amayenera kuvala nthawi ziti, ndipo muziwafunsa ngati akuvaladi m'kalasi. Akauzidwa kuti aziphimba diso lamphamvu kwa maola angapo patsiku kuti lofookalo ligwire ntchito, tsatirani ndithu, ngakhale alire.

Chinanso, mutulutseni panja. Madokotala a maso amalimbikitsa kuti mwana azikhala pa kuwala kwa kunja pafupifupi maola awiri patsiku, chifukwa zimenezi zimachepetsa mwayi woyamba vuto losaona patali. Ndikudziwa kuti mu Disembala kuno kumada 4 koloko isanakwane, koma Loweruka muvekeni jekete mupite naye kupaki, tabuleti itsale kunyumba.

Chachikulu koposa ndi pakamwa pathu. Mwana amamva zonse. Mukamalankhula pa WhatsApp ndi akumudzi, wina n'kufuula kuti, "Kalanga ine, mwana wamng'ono chonchi magalasi?", yankhani mwana ali pompo kuti, "Eya, ndipo tsopano akuwerenga bwino." Alendo akabwera Lamlungu mutaweruka kutchalitchi, musamuvule pojambula zithunzi. Anzake akamutcha wamaso anayi, mumvetsereni, ndipo nkhaniyo ifike kwa aphunzitsi. Bambo, ngati muli ndi anu owerengera, valani poyera, mwana aone kuti si chinthu chochititsa manyazi.

Ana anga, munasiya kwanu kuti ana anu aphunzire. Kuphunzirako kumafuna maso oona bwino zolembedwa pabolodi. Choncho mawa m'mawa, musanatseke chitseko kupita kusukulu, onetsetsani kuti magalasi ali pankhope ya mwana.