Kodi Amayi Osanenepa Aja Amabisa Chiyani?

Ana anga, pali funso limodzi losakalamba pakati pa amayi, ndipo kaya mulimve pa chinkhoswe, pa mjigo kapena kuseri kwa tchalitchi pamene akugawana ziwiya zotsuka, limabwera ndi kaseko koma m'kati mwake muli kansanje pang'ono: “Koma inu asisi, mumadya chiyani kuti musamanenepe chonchi?” Wofunsidwayo, mayi wa ana anayi amene chitenje chimamukulungabe monga chinkachitira ali namwali, amangoti, “Aaa, ine ndimadya chilichonse, ndi thupi langa basi,” ndipo anzake amayang'anizana n'kutsinana, chifukwa palibe amene wakhulupirira. Akangotembenuka ndi ndowa yake, bwalo limakhala. Wina akuti amagona ndi njala dala, wina akuti ali ndi tiyi wa ku Joni amene amamwa mobisa, wina akuti ndi maganizo, banja silikuyenda, ndipo gogo amene wakhala chete nthawi yonseyi amangoti, “Musiyeni mwana wa eni, ndi kumtundu kwawo, amake anali chomwecho.” Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Gogoyo ndiye wayandikira kwambiri pa choona, ngakhale kuti nayenso nkhaniyi sanaifike kumapeto.

Funsoli lakhala likusintha nkhope ife tikuona. Kale mtsikana akakwatiwa n'kutha chaka osaonjezera thupi, ankhoswe ankayamba kuyang'ana mkamwini ndi diso lofiira, pakuti kunenepa kwa mkazi kunali umboni wakuti nkhokwe ili ndi chimanga ndipo m'nyumba muli mtendere. Mpaka lero “mwanenepatu, akukusungani bwino” ndi moni wachikondi m'midzi yambiri. Kenaka kunabwera zaka zowawa za m'ma 1980 ndi 1990, pamene Edzi inalowa m'nyumba zathu anthu n'kumaitcha kaliwondewonde, ndipo amayi ambiri amene anangobadwa ochepa thupi, opanda nthenda iliyonse, analozedwa zala kumsika, ena anayamba kumwa mapiritsi odyetsa kwambiri kuti manong'onong'o awachoke. Boma litayamba kupereka ma ARV mwaulere mu 2004 manyaziwo anayamba kuchepa, ndipo tsopano mafoni abweretsa zithunzi za atsikana a ziuno zoonda, mayi yemwe uja ankamveredwa chisoni akupemphedwa kuti aulule chinsinsi chake. Thupi lake ndi lomwe lija, ana anga, chasintha ndi pakamwa pa anthu.

Tiyambe ndi kudzimana chakudya, pakuti ndi kumene ambiri amathamangira. Alipo ndithu amayi amene amasunga thupi lochepa powerenga mbamu iliyonse ndi kukana mandazi a mnzawo, ndipo ena mwa iwo afika podwala nako, kumaopa mbale ya nsima, kumasanza mobisa akadya, msambo n'kusiya kubwera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwana wotere afunika dokotala ndi chikondi cha pakhomo, asamayamikiridwe chiuno. Koma mukawafufuza bwino amayi amene akhala ochepa thupi kuyambira ubwana mpaka imvi, ambiri mupeza kuti sanamenyepo nkhondo ndi mbale. Amene amadzimana kawirikawiri ndi amene thupi lake limafuna kukula, ndipo thupilo silivomera msanga kugonja. Mu 1994 Jeffrey Friedman ndi anzake ku Rockefeller University ku New York anapeza leptin, mthenga amene mafuta a m'thupi amamutumiza ku ubongo kukanena kuti nkhokwe ilipo yokwanira. Munthu akaonda mthengayu amachepa, ubongo n'kumva ngati kwagwa chilala, njala n'kukula, thupi n'kuyamba kuumira mphamvu zake. Ku America kunali mpikisano wa pa kanema wotchedwa The Biggest Loser, wa anthu onenepa kwambiri olimbirana kuonda, ndipo Kevin Hall atalondola anthu 14 a mumpikisanowo kwa zaka 6 anapeza kuti, pongoyerekeza onse pamodzi, mwa makilogalamu 58 amene munthu anataya, 41 anali atabwerera, thupi likadali louma manja, likutentha makalori (muyezo wa mphamvu ya chakudya) pafupifupi 500 ochepera pa oyembekezeka patsiku. Madzi saiwala khwawa. Choncho mukaona mnansi wanu wayesa kuonda kangapo n'kubwereranso pomwe anali, musafulumire kumutcha wadyera kapena waulesi, pakuti akulimbana ndi mdani amene mayi woonda uja sanakumanepo naye.

Tsono za kumtundu zija gogo ananena. Makolo ankati make mbuu, mwana mbuu, ndipo wina angatsutse kuti mwana amafanana ndi amake chifukwa adyera mphika umodzi. Dokotala wina wa ku America, Albert Stunkard, anaganiza zomwezo, n'kupita ku Denmark kumene mabuku a ana oleredwa ndi anthu ena amasungidwa bwino, ndipo mu 1986 anafalitsa zimene anapeza pa anthu 540 amene anakulira m'nyumba za makolo owalera chabe. Kukula kwa matupi awo kunatsata makolo owabereka, amene sanadyepo nawo limodzi, ndipo sikunatsate konse makolo amene ankawaphikira tsiku ndi tsiku. Ku Quebec m'dziko la Canada, Claude Bouchard anasonkhanitsa magulu 12 a mapasa ofanana ndendende, anyamata okhaokha, n'kuwasunga malo amodzi kwa masiku 100, akuwadyetsa makalori 1,000 oonjezera masiku 6 pa sabata, kunena kwake chakudya china chachikulu pamwamba pa chimene thupi linkafuna. Onse ananenepa, koma wina anaonjezera makilogalamu 4 okha pamene wina anapitirira 13, ndipo aliyense ananenepa moyandikana ndi mnzake wobadwa naye mapasa. Mphika umodzi, chipande chimodzi, matupi osiyana.

Nkhani yonena za anthu oonda enieni inabwera mu 2019 kuchokera kwa Sadaf Farooqi wa ku Cambridge ku Britain. Iye ndi anzake anafufuza anthu oposa 1,600 oonda kwambiri koma athanzi, osadwala, osadzimana, n'kuyerekeza chibadwa chawo ndi cha anthu onenepa ndi cha anthu a thupi lapakati. Anapeza kuti oondawo anatengera tochepa mwa tizidutswa ta chibadwa timene timakankhira munthu ku kunenepa, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali ndi abale oonda kumtundu kwawo. Tizidutswati, timene asayansi amatitcha majini, tilipo mazanamazana, ndipo kalikonse kamakoka pang'ono pokha. Kotchuka kwambiri, kotchedwa FTO, kanadziwika mu 2007, ndipo munthu amene anakatengera kwa bambo ndi kwa mayi omwe amalemera makilogalamu ngati 3 kuposa amene alibe. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndi chifukwa chakenso ana a mayi mmodzi amatha kusiyana, wamkulu dzitho, wamng'ono ngati bango, poti aliyense amatola mtolo wakewake kwa makolo awiriwo. Akale anaziona izi, n'chifukwa chake ankati m'mimba ndi m'chipala.

Apa ndiye pamene ndikufuna mukhale pansi bwino, chifukwa ndi pamene amayi a pa mjigo ndi gogo yemwe amasemphana ndi nkhani. Anthu amaganiza kuti chibadwa ndi china, zizolowezi ndi zina, ngati kuti mayi woonda amameza nsima n'kusowa m'thupi mwake mwamatsenga. Ayi. Gawo lalikulu la chibadwa chimenechi limagwira ntchito mu ubongo, pa njala ndi pa kukhuta, ndipo kunja kuno timaliona ngati chizolowezi. Kamuonereni mayi wotere pa ukwati, pamene amayi ophika akhala pansi kuti adye alendo atatha. Amasamba m'manja ngati wina aliyense, amatema mbamu yabwino ndithu, amasankha chiwalo cha nkhuku chimene akufuna osachita manyazi, amacheza, amaseka, ndipo amene wamuyang'ana mphindi zoyambazo angalumbire kuti mayiyu amadya kwambiri. Koma mtanda wachiwiri usanathe dzanja limayamba kuchedwa, mbamu amaiumbaumba osaipititsa kukamwa, kenaka amavindikira mbale n'kunena kuti, “Ine ndakhuta, anawa adzadya mkute.” Sanadziletse, njala yangomuthera. Mnzake wa pambali, amene wadya zofanana, m'mimba mwake simunafike uthenga, ndipo kuti asiye pamenepo afunika kulimba mtima kumene mayi woonda uja sakukudziwa n'komwe. Ndiye woondayo akamati amadya chilichonse sakunama, amadyadi chilichonse mpaka kukhuta, kungoti kukhuta kwake kumabwera msanga ndipo kumakhalitsa, moti tsiku lotanganidwa amatha kuiwala nkhomaliro, chinthu chimene mnzakeyo sangachimvetse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo palibe amene angamve njala ya mnzake.

Muonereninso akatha kudya. Anzake akadali pamphasa kuwongola miyendo, iye wadzuka kale kukasonkhezera moto, wabwera, wakhala, wanyamukanso kukathamangitsa nkhuku, ndipo ngakhale atakhala phazi likugwedezeka, manja akutola timiyala mu mpunga. Azakhali amamukalipira kuti, “Khalani pansi inu, mukutizunguza mutu,” osadziwa kuti akukalipira chimodzi mwa zinthu zomwe zimamusunga woonda. Mu 1999 James Levine wa ku Mayo Clinic ku America anadyetsa anthu 16 makalori 1,000 oonjezera tsiku lililonse kwa masabata 8, ndipo amene anakundika mafuta ochepa anali amene matupi awo anayamba okha kutakataka, kuimirira, kuyendayenda, kugwedezeka, wina mpaka kutentha makalori pafupifupi 700 patsiku popanda kuthamanga kapena kunyamula zitsulo. Sanachite kupangana ndi mtima wawo kuti atero, thupi linangowadzutsa.

Musaganize tsono kuti zonse zinalembedwa kale ndipo mbale ilibe mlandu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno anali onenepa kupitirira muyezo, pamene mu 1992 anali ngati 10 okha, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali chitafika 36. Magazi a mtundu sasintha m'zaka zochepa chonchi. Chasintha ndi moyo: mtondo ndi munsi zalowedwa m'malo ndi chigayo, ulendo wa pansi walowedwa m'malo ndi kabaza ndi minibasi, pakona iliyonse pali chiwaya cha tchipisi, tiyi wa m'mawa amalandira masupuni atatu a shuga, ndipo mlendo salandiridwanso ndi thobwa koma ndi botolo la zozizilitsa kukhosi. M'mudzi wa kale, amene anabadwa ndi njala yaikulu ndi amene anabadwa ndi njala yochepa ankaoneka ofanana, chifukwa khasu, nkhuni ndi mtsuko wa pamutu zinkawasema onse mofanana. Tauni ndiyo yawasiyanitsa, yaonetsa poyera amene anatengera chiyani. Mwana wa mayi woonda angathe kunenepa ndithu akakhala pampando tsiku lonse ndi botolo pambali, ndipo mwana wa mayi wonenepa angathe kukhala ndi thupi lamphamvu lomuyenera akamayenda ndi kudya mgaiwa, nyemba ndi masamba, ngakhale kuti sadzafanana ndi mnzake wa chiuno cha mavu uja, ndipo palibe chifukwa choti afanane naye.

Palinso amayi ena amene ofunsa funsoli amawaiwala, chifukwa iwo safunsidwa chinsinsi. Kafukufuku wa boma uja anapezanso kuti amayi 7 mwa 100 alionse anali ochepa thupi moperewera. Ena mwa amenewa sakudzimana ndipo si za kumtundu, koma kuti mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ikagwa, mayi ndiye amadya pomalizira, atagawira bambo ndi ana, kwinaku akuyamwitsa ndi kupalira m'munda mwa eni kuti apeze ufa wa tsikulo. Tikamakamba za kuonda ngati chokongoletsa, tizikumbukira kuti kwa mayi ameneyu ndi njala basi, ndipo mankhwala ake ndi mbale yodzaza.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mbali zonse ziwiri zathamangira kwa ogulitsa. Wonenepa akugula tiyi wotsegula m'mimba, amene amangochotsa madzi m'thupi n'kumusiya wofooka, mafuta ali pomwepo. Woonda akugula mapiritsi onenepetsa pamsika, ena mwa iwo ndi mankhwala amphamvu a matenda ena, amene angathe kutupitsa nkhope ndi kukweza shuga ndi BP. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo woondayo asadzitame kuti matenda amupatuka, pakuti shuga ndi BP zimagwiranso anthu ochepa thupi, ndipo kuno kwathu achipatala amawaona ambiri otere. Naye aziyezetsa monga mnzake.

Ndiye ana anga, mayi amene wakhala woonda moyo wake wonse, akudya bwino, akugwira ntchito zake ndi mphamvu, musiyeni, musamufunse zimene akubisa ndipo musamukakamize mtanda wachitatu. Koma mukaona mayi, mlongo kapena mkazi wanu amene anali ndi thupi lake akuyamba kuonda popanda chifukwa, siketi ikugwa m'miyezi yochepa, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, akumva ludzu losatha kapena mtima ukuthamanga, musamuyamikire kuti waoneka bwino ndipo musamunong'one kumbali. Chifuwa chachikulu, HIV, shuga, chithokomiro ndi khansa zonse zingathe kuyamba motero, ndipo zambiri mwa izi zili ndi thandizo zikapezeka msanga. Mutengeni mupite naye kuchipatala sabata yomweyo.