Kuchokera m'Kalasi Kumka ku Ntchito: Kodi Mwakonzekera?

1. Kodi wachichepere womaliza sukulu amayang'anizana ndi funso lotani?

TSIKU lotulukira zotsatira za mayeso limadzetsa nthungululu m'nyumba zina ndi misozi m'nyumba zina. Komabe, kaya wachichepere walemba MSCE m'Malaŵi, Grade 12 m'Zambia, kapena O-Level m'Zimbabwe, posapita nthaŵi funso limodzimodzilo limabuka: 'Nanga tsopano ndidzachitanji?' Kaŵirikaŵiri yankho lake limadalira pa zimene zinafesedwa zaka zambiri m'mbuyomo.

2. Kodi nchifukwa ninji satifiketi payokha siili yokwanira?

2 Pamene Malaŵi anachotsa fizi m'sukulu za pulaimale mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka m'makalasi. Zambia anachita zofananazo mu 2002, ndipo Kenya mu 2003. Khomo loloŵera linakuladi, koma malo m'makoleji ndi ntchito zolembedwa sizinawonjezeke pamlingo umodzimodziwo. Mu 2024, ku South Africa, pafupifupi 45 peresenti ya ofuna ntchito a zaka 15 mpaka 34 anali paulova. Chotero nkwanzeru kufunsa kuti: Kodi sukulu ikundikonzekeretsa kuchitanji?

Mutu ndi Manja Omwe

3, 4. (a) Kodi Paulo analandira maphunziro aŵiri ati? (b) Kodi zimenezi zikutiphunzitsanji?

3 Talingalirani za mtumwi Paulo. Iye anaphunzitsidwa Chilamulo ku Yerusalemu ndi Gamaliyeli, mphunzitsi wolemekezedwa ndi anthu onse. (Machitidwe 5:34, 22:3) Koma atafika ku Korinto, chimene chinamdyetsa ndicho luso la kusoka mahema, ntchito imene anagwira limodzi ndi Akula ndi Priskila. (Machitidwe 18:1-3) Manja ake anapezera zosoŵa iye mwini ndi anzake omwe. (Machitidwe 20:34) Ndipo kodi Yesu sanadziŵike ku Nazarete monga mmisiri wa mitengo?—Marko 6:3.

4 Mitundu ina yaona phindu la kulumikiza maphunziro aŵiriŵa. Ku Germany, achichepere ambiri amathera masiku ena a mlungu pakampani ndi ena kusukulu ya ntchito zamanja, kwa zaka ziŵiri mpaka zitatu ndi theka, akumalandira malipiro pamene akuphunzira. Malaŵi ndi Zambia nawonso ali ndi mabungwe otchedwa TEVETA, oyang'anira maphunziro onga ukalipentala, kumanga nyumba, ndi kukonza magalimoto. Yunivesite ili ndi malo ake, koma Mkristu sayenera kupeputsa ntchito iliyonse yoona mtima imene ingamthandize kusamalira a m'banja lake.—1 Timoteo 5:8.

Chimene Mayeso Sangapime

5. Kodi chitsanzo cha Danieli chimathandiza motani ophunzira lerolino?

5 Sukulu imaumbanso mtima. Danieli ndi anzake atatu anaphunzira chinenero ndi zolemba za Akasidi ku Babulo kwa zaka zitatu, kutali ndi makolo awo. Iwo anapambana ophunzira anzawo onse, komatu anali atatsimikiza mtima pasadakhale kusadzidetsa. (Danieli 1:3-8, 19, 20) Bwanji za inu? Wozoloŵera kubera mayeso m'kalasi sadzavutika kupereka chiphuphu pofuna ntchito, kapena kusonyeza satifiketi yabodza. Yesu anaphunzitsa kuti kukhulupirika m'zazikulu kumayambira pa zazing'ono. (Luka 16:10) Kusunga nthaŵi, kumaliza ntchito imene mwapatsidwa, ndi kulandira chidzudzulo modzichepetsa sizilembedwa pa satifiketi, koma wolemba ntchito amaziona m'mlungu woyamba.

6. Kodi makolo angathandize motani ana awo?

6 Makolonu, musadikire kufikira zotsatira zitatuluka. M'mera mpoyamba. Khalani pansi ndi mwana wanu ndi kuŵerengera mtengo wake. (Luka 14:28) Kodi iye ali ndi luso lanji kwenikweni? Kodi kosiyo idzadya ndalama zingati, ndipo idzasiya ngongole yotani? Kodi amene anaimaliza akupeza ntchito kwanuko? Kodi iye adzayanjana ndi ayani, ndipo adzakhalabe ndi nthaŵi ya kulambira? Musamkakamize kukwaniritsa maloto amene inuyo munalephera kuwakwaniritsa, ndipo ngati walephera mayeso musamtaye.

7 Achicheperenu, palibe angakulonjezeni ntchito m'nthaŵi zovuta zino. Koma ngati mutuluka m'kalasi muli ndi luso m'manja ndi chikumbumtima choyera, mudzakhala ndi chuma chimene ulova sungalande, ndipo mudzakondweretsa mtima wa Mlengi wanu.—Mlaliki 12:1.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi ntchito zamanja tiyenera kuziona motani?

□ Kodi makhalidwe a kusukulu amakhudza motani ntchito ya m'tsogolo?

□ Kodi banja liyenera kupenda mafunso ati lisanasankhe kosi?