Kodi Kupanga Nyenyezi Yozungulira Ndi Kutaya Nthawi?

Aphunzitsi, tsiku lina mwana wa m'kalasi mwanu adzakuuzani kuti iye ndi atate ake afuna kupanga nyenyezi ya Khirisimasi yozungulira yokha, yoti aiike pakhomo. Kapena adzakuuzani kuti anapempha, koma atate anakana. Kodi mudzamuyankha chiyani?

Ntchito yake si yovuta. Nyenyezi aimanga ndi nsungwi, naikuta ndi mapepala onyezimira. Kainjini kake achotsa m'wailesi ya kaseti yakufa, nakalumikiza ku mabatire. Kainjiniko kathamanga kwambiri, chotero adula kalamba ku chubu cha njinga, nakakoletsa ku gudumu lalikulu, kuti nyenyezi izizungulira pang'onopang'ono. Aipachika pakhonde chifukwa cha mvula. Zonsezi zingadye madzulo atatu kapena anayi.

Musafulumire kuweruza atate okanawo. Kuno ku Kasungu, Khirisimasi imafika pamene ntchito yathina. Fodya wangowokeredwa kumene, udzu wamera m'chimanga, feteleza afunika, ndipo nkhokwe zayamba kupepuka. Munthu amene wawerama m'mizere kuyambira mbandakucha ali ndi chifukwa chofunsira kuti nyenyeziyo idzadyetsa yani. Ndalama ya mabatire ndi yomweyo ya mchere ndi sopo. Mawu awa ndi olemera, ndipo mphunzitsi wowapeputsa sanagonepo ndi njala.

Ena amayankha potchula William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe. Iyeyu atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina a mphepo opatsa magetsi. Anagwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki, chopemerera cha thirakitala, dayinamo ndi njinga yakutha ya atate ake. Anthu ankati wapenga. Atate akewo anayamba akana kupereka njingayo, koma pambuyo pake analola, ndipo nyale inayaka m'nyumba mwawo.

Nkhaniyi ndi yokoma, komabe ine ndikuona kuti siyankha funso lathu. Ikhoza kutiphunzitsa kulola mwana kupanga chinthu pokhapokha tikayembekezera phindu. Ana ambiri sadzakhala ngati Kamkwamba. Nyenyezi yawo idzapendama, lamba adzaduka, ndipo pofika Januwale idzakhala itafutukuka ndi chinyezi. Kodi pamenepo nthawi yatayika?

Taganizani za mawu amene mwana amamva kwa atate ake chaka chonse. Tenga khasu. Katunge madzi othirira nazale. Kasoke fodya m'chigafa. Onsewa ndi mawu olamula, ndipo ambiri ndi oyenera. Koma mwana wongomva mawu otere amayamba kudziyesa wantchito wa pakhomo. Pa nyenyezi paja zinthu zimatembenuka, pakuti mwanayo, amene wakhala akupanga magalimoto a waya, ndiye adziwa kupinda ndi kulumikiza. Atate amagwira tochi nafunsa kuti, "Nanga apa titani, mwana wanga?" Amayi aphika phala lomatira, alongo adula mapepala. Pali makomo ena kumene funso limeneli silinamvekepo.

Ndiponso chenjerani ndi atate aluso, amene amalanda ntchito yonse kuti nyenyezi yawo ipose ya anansi, mwana nangoonerera. Kumeneko nyenyezi idzazungulira bwino, koma mwanayo wabwereranso kukhala wotumidwa.

Chotero mukapita kukachezera makolo sabata lino, musawauze kuti agule mabatire. Ngati palibe ndalama, mphepo ikhoza kuzunguza nyenyezi yokhala ndi timapiko ta chitini. Afunseni kokha kuti ndi liti pamene anakhala pansi ndi mwana wawo, mwanayo nawaonetsa kachitidwe ka chinthu.